Zikomo a ku kalabu ya asilikali opuma

Bambo anga atapuma usilikali, mapepala awo a penshoni anangosowa mu ofesi ina. Tinayenda mpaka nsapato kutha, yankho n'kumangokhala lakuti "mubwerenso mawa."

Amene anatipulumutsa ndi akuluakulu a ku kalabu ya asilikali opuma. Agogo ena oyendera ndodo anakhala nafe pansi tsiku lathunthu, magalasi ali pamphuno, n'kumalemba kalata ya dandaulo. Atafunsa nambala ya usilikali, ine mtima unangoti myuu, poti bambo masiku ano amaiwala ngakhale mayina a zidzukulu. Koma nambala ija anaitchula osaphonya! Patapita miyezi ingapo ndalama zinayamba kulowa.

Ndithokozenso mnyamata wina amene sindinamufunse n'komwe dzina. Pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira kutha kwa nkhondo yoyamba ya padziko lonse mu 1918, njinga ya olumala ya bambo inatitimira m'matope. Iye anaitukula, buluku lake lonse matope okhaokha, n'kuwafikitsa kutsogolo pamwambo wachikumbutsowo lipenga lisanalire. Mphindi ziwiri zokhala chete pokumbukira amene anafa pankhondo zitatha ndinacheuka, koma anali atapita kale.

Nonsenu, zikomo kwambiri. Lachisanu ndibwera kudzakolopa holo ya ku kalabu.