Tsiku la pa Facebook limatha 9 koloko m'mawa

Lachitatu, 16 Okutobala 2024. Kwatentha, nyanja ili duu, ndipo nkhani ya manambala a loji ija yakana kuchoka m'mutu.

Amayi amene amayendetsa loji ina cha ku Nkopola anadandaula kuti lipoti limene pulogalamu imawatumizira silikugwirizana ndi zimene amaona pa foni. Loweruka anaika chithunzi cha chambo chowotcha pa tsamba la Facebook la lojiyo, anthu anayankhapo ambiri, koma lipoti likuti Loweruka kunali zii, gulu lonse lili pa Lamulungu. Mnyamata amene analemba pulogalamuyo anabwera ndi laputopu ali wotopa. "Achimwene, API iyi ikunama."

Ndinamuuza kuti asatsegule tebulo lake, atsegule JSON yaiwisi, yankho losakonzedwa limene Graph API (khomo limene mapulogalamu amafunsirapo zinthu kwa Facebook) yabweza pa page_post_engagements, chiwerengero cha zimene anthu achita pa mapositi a tsambalo. Pamzere umene iye anautcha Lamulungu panalembedwa end_time 2024-10-13T07:00:00+0000. Dzinalo likunena kale kuti ndi nthawi imene tsiku latha. Page Insights, gawo la Facebook lowerengera manambala a tsamba, imadula masiku pa nthawi ya Pacific, ya ku California, ndipo pakati pa usiku kumeneko ndi 07:00 pa nthawi ya padziko lonse ya UTC, kwathu kuno 9 koloko m'mawa. Choncho mzerewo ndi wa Loweruka, kuyambira 9 koloko Loweruka kufika 9 koloko Lamulungu. Pulogalamu inkangotola deti la pa end_time n'kulimata pamzere, tsiku lililonse n'kumasunthira kutsogolo. Mankhwala ake n'kuchotsa tsiku limodzi. Koma musalembe 07:00 mu code ngati chinthu chosasintha: pa 3 Novembala aku America abweza mawotchi ndi ola limodzi, idzakhala 08:00 UTC, kuno 10 koloko, mpaka Malichi.

Zimandisowetsa mtendere kuti munthu amene wayankha Lamulungu mamawa, asanapite kutchalitchi, amawerengedwa kuti ndi wa Loweruka. Kaya.

Kenaka makomenti. Foni ikuonetsa 64, pulogalamu ikubweretsa 25 ndendende. Nambala ikakhala 25 ndendende muziikayikira, chifukwa ndi mlingo wa tsamba limodzi la zotsatira ngati simunaike limit. Zotsalazo zili kuseri kwa paging.next, ndipo muyenera kutsatira linki imeneyo mpaka itasiya kuoneka. Osaima poti tsamba labwera ndi zinthu zochepa kapena lopanda kanthu. Zimachitika, koma next ilipobe. Atakonza zinafika 41. Anandiyang'ana. Apa vuto linali filter. Mukapanda kunena kanthu imatenga toplevel, makomenti oyamba okha, kusiya mayankho a pansi pake. Ndi filter=stream zonse zimabwera pamzere umodzi. Zinafika 61.

Atatu otsalawo ndi amene anatidyera nthawi. Ndi summary=true, total_count, chiwerengero cha makomenti onse, ikuti 64, mndandanda uli ndi 61. Zolemba za Meta, eni ake a Facebook, zimanena poyera kuti total_count ikhoza kuposa zimene zabwezedwa chifukwa cha makomenti ofufutidwa kapena amene simuloledwa kuwaona. Tinayesa ndi token (kiyi yolowera) ya tsamba la Facebook la loji m'malo mwa ya munthu, popeza ziwirizi siziona zofanana nthawi zonse. Sizinasinthe. Ndinamupempha aonenso header ya facebook-api-version, mzere wa m'yankho wonena version ya API imene yayankha, poti version iliyonse imakhala pafupifupi zaka ziwiri, ikatha mafunso anu amayankhidwa ndi ina yatsopanoko mwakachetechete. Inali bwinobwino.

Madzulo, kapena mwina kunali kusanade, tinakangana pa chinthu china. Iye akufuna lipoti lizionetsa masiku a ku Malawi. Sizitheka pa page_post_engagements ija: period imapereka day, week ndi days_28, palibe ya ola ndi ola yoti mungadulenso pakati pa usiku wa kuno. Makomenti okha ndi amene ali ndi created_time, amenewo mungawasanje pa nthawi yathu powonjezera maola awiri. Ndiye lipoti limodzi likhale ndi mitundu iwiri ya tsiku? Ine ndikuti ayi, zonse zitsatire Pacific, pamwamba palembedwe kuti tsiku limayamba 9 koloko m'mawa (10 koloko kuyambira Novembala mpaka Malichi). Iye akuti amayiwo sangavomere kuti Loweruka lawo liziyambira ku California, ndipo pamenepo sakulakwa.

Akuti awaimbira mawa. Za makomenti atatu aja sitinagwirizane ngati awauze.