Fani yosazungulira ndi injini imene inapsa chifukwa chosowa fyuzi

Sabata yathayi ntchito zambiri pa galaja yathu pa boma la Thyolo zinali zozolowereka m'nyengo ino yotentha: mabuleki a minibasi zoyenda pakati pa Limbe ndi Muloza, mabatire ofooka, ndi lole yonyamula masamba a tiyi imene sitata yake inakana ku Makwasa, komwe ndinatandala Lolemba lonse. Zonsezo zinatha bwino ndipo sindichedwa nazo. Chimene chandivutitsa mtima kufikira lero ndi Toyota Sienta ya matola imene inafika tsiku lomwelo ine kulibe.

Dandaulo la dalaivala linali lakuti nyali yofiira ya kutentha ikumayaka akaima pa siteji ya Bvumbwe kudikira anthu, koma akayamba kuthamanga imazima. Makaniko aliyense akamva zimenezi amadziwiratu kuti rediyeta ikuzizira ndi mphepo ya pamsewu yokha, ndipo fani siikugwira ntchito. Mnyamata amene akuphunzira ntchito pansi panga anapeza kuti fyuzi ya fani yaduka, ndipo anachita bwino kukauza bwana, mwini galaja, kuti m'kabati mulibe fyuzi ya mphamvu imeneyo. Yankho limene analandira linali lakuti: "Iwe, ingopota waya wa kopa pamenepo, kasitomala asachedwe." Fani inazungulira, ndalama inalandiridwa, galimoto inapita. Palibe amene anafunsa chimene chinadulitsa fyuziyo.

Lachinayi masana Sienta ija inabwera yokokedwa ndi chingwe. Dalaivala anali atadzaza anthu ndi katundu, akukwera chitunda pang'onopang'ono kumbuyo kwa thirakitala ya pa esiteti, pamalo pamene mphepo ya pamsewu siithandiza konse. Magalimoto amenewa alibe geji ya singano imene munthu angaone ikukwera. Ali ndi nyali chabe, ndipo padzuwa la masana woyendetsa amene maso ake ali pa msewu wokhotakhota akhoza kuiona mochedwa. Pamene ankaima, nthunzi inali ikutuluka kale pansi pa boneti, ndipo mwamantha anathira madzi ozizira a mumtsinje mu injini yotentha. Atatsika analunjika kwa ine, poti ndine woyang'anira za magetsi, n'kunena pamaso pa anthu kuti: "Bambo, mwandiphera galimoto ya eni ake. Ndikawauza chiyani abwana anga?"

Nditatsegula bokosi la mafyuzi ndinalandiridwa ndi fungo la pulasitiki yopserera. Waya wa kopa uja unali chikhalire, wodetsedwa ndi moto koma wosaduka. Chimene chinapsa m'malo mwake ndi relay, kaswichi ka magetsi koyatsa ndi kuzimitsa fani, imene inakakamira mu soketi yosungunuka moti ndinachita kuizula ndi pulayala, miyendo yake yodutsa magetsi opita ku fani, ya nambala 30 ndi 87, itachita bii ngati chikuni cha pamoto. Kenaka ndinazula pulagi ya mota ya fani n'kuipatsa mphamvu ya mavoti 12 kuchokera ku batire mwachindunji. Waya anathetheka, mota inangolira pang'ono, mapiko osasuntha. Nditachotsa batire n'kuwazunguza ndi dzanja, anali olimba ndipo mkati munkamveka kukhuta kwa fumbi lofiira la m'misewu ya m'maesiteti losakanikirana ndi dzimbiri. Nkhani yonse inali pamenepo. Mota yovuta kuzungulira chotere imakoka magetsi ochuluka, ndipo fyuzi inaduka Lolemba pofuna kuteteza mawaya. Kuika kopa m'malo mwake kunangosamutsira motowo pa relay ndi pa mota yeniyeniyo.

Sindinafune kuima pomwepo, chifukwa fani yosazungulira nthawi zina imakhala ndi zifukwa ziwiri pamodzi. Ndinafuna kutsimikiza kuti sensa ya kutentha kwa madzi ikupereka uthenga woyenera ku kompyuta ya injini, komanso kuti waya wa ethi, wobwezera magetsi ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, sunachite dzimbiri pamene wamangidwa pa bodi. Apa ndi pamene mkwiyo wanga unakula, pakuti mita yoyezera magetsi ya pa galaja inawonongeka kalekale ndipo pempho langa la ina lakhala likungoyankhidwa kuti tidikire kutha kwa mwezi. Ndinachita kukabwereka mita kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika. Sensa ndinaiviika m'madzi amene ankatenthedwa pa mbaula, ndipo manambala ake ankatsika bwinobwino pamene madziwo ankatentha, monga zimayenera kukhalira. Ethi inali yabwino, ndipo mawaya olamula relay kuti iyake, a pa miyendo ya 85 ndi 86, sanakhudzidwe. Kuyeza konseku, kukanachitika Lolemba ndi zida zoyenera, sikukanatha ngakhale ola limodzi.

Koma injini inali itapita kale. Pansi pa chotsekera oyilo panali thovu loyera ngati mkaka, ndipo titadzaza madzi n'kuiliza pang'ono, pakamwa pa rediyeta panayamba kutuluka mpweya mosalekeza. Gasiketi, imene imatseka mpata wa pakati pa injini ndi chigawo chake cha pamwamba chotchedwa hedi, inali itapsa, ndipo poti hedi ya injini ya Sienta imeneyi, ya mtundu wa 1NZ, ndi ya aluminiyamu, titaichotsa Lachisanu n'kuikapo lula yachitsulo tinaona kuwala kukudutsa pansi pake pakati pa masilinda apakati. Iyenera kupita ku Blantyre kukasalazidwa, ndipo aliyense wa ife akudziwa mmene mitengo ya zida inakwerera chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023.

Chimene chinandipweteka koposa ndi chakuti bwana, ataona zonsezi, anabwera ndi nzeru ina yachidule. Anati tikagula mota yakale ku Limbe tiilumikize dayirekiti ku swichi ya kiyi kuti izingozungulira nthawi zonse, ndiponso tichotse thermostat, kavavu kamene kamatsekereza madzi kupita ku rediyeta injini isanatenthe, kuti madzi aziyenda momasuka, potero sitidzafunika kugula soketi ndi relay. Ndinawayankha mwaulemu kuti: "Bwana, pepani, ntchito imeneyo dzanja langa silikhudza." Ndikudziwa kuti magalaja ambiri kuyambira ku Luchenza mpaka ku Chitakale amachita zimenezi, koma thermostat ya injini imeneyi inapangidwa kuti izitseguka pa madigiri pafupifupi 82 kuti injini ifike msanga pa kutentha koyenera. Ikachotsedwa, m'mawa wozizira wa chiperoni kompyuta imaona ngati injini sinatenthebe ndipo imapitiriza kuthira mafuta ochuluka, mafuta omwewo amene madalaivala amawavutikira pa mizere. Fani yozungulira kosalekeza nayo imatha maburashi msanga, ndipo ikadzafa idzafanso mwakachetechete monga inachitira yoyambayi.

Mnyamata wophunzira uja wakhala wosasangalala, poganiza kuti mlandu wonse ugwera iye, ndipo ndamuuza momveka kuti iye anachita zimene analamulidwa ndi mwini galaja. Loweruka m'mawa ndinamuimika pa Probox ina yabwinobwino n'kumuonetsa ndondomeko yonse: kuyatsa AC n'kuona ngati fani yadzuka, kuona fyuzi, kusinthanitsa relay ndi ina yofanana nayo, kupatsa mota magetsi mwachindunji, kenaka sensa ndi mawaya. Ndinamuuzanso kuti asamaike dzanja pafupi ndi mapiko batire isanachotsedwe, komanso asamatsegule chotsekera rediyeta injini ili yotentha.

Sienta idakali pa galaja, yopanda hedi. Mwini wake wochokera ku Goliati akufuna kuti galaja ilipire zonse, bwana akuti vuto ndi la dalaivala amene anathira madzi ozizira, ndipo dalaivalayo pakadali pano alibe choyendetsa ngakhale ali ndi banja loyembekezera chakudya. Ine ndalemba papepala zimene ndinapeza, ndasunga relay yopserera ija ndi waya wa kopa m'kathumba, ndipo ndauza mbali zonse ziwiri kuti akadzakhala pansi Lachiwiri ndidzanena zimene ndinaona popanda kubisa. Ndaperekanso kwa bwana mndandanda wa mafyuzi a 10 mpaka 40 ampeya, ma relay ndi mita yatsopano, ndipo ndanenetsa kuti sindilandiranso galimoto ya vuto la magetsi zinthu zimenezi zisanagulidwe.