Mpweya wa mu Boeing 787 ndi Phiri la Dedza

Pophunzira za Boeing 787, ndege yamimba yaikulu ya tinjira tiwiri pakati pa mipando, mfundo ya mpweya wa m'kati imamveka msanga kwa ife a ku Dedza. Boma lathu lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nsonga ya phiri ili pa 2,198. Ndege ikamauluka pa mamita 12,000, mpweya wakunja sungakwanire kupuma, choncho amaupopera m'kati. M'ndege zambiri za aluminiyamu mpweyawo umafanana ndi wa pamalo okwera mamita 2,400, kupitirira nsonga ya phiri lathu. Mu 787 ndi ngati wa pa 1,800, munthu atangokwerako pang'ono kuchoka pa boma. N'chifukwa chake apaulendo satopa kwambiri.

Nanga zakalezo ankalekeranji kupopa chonchi? Ulendo uliwonse thupi la ndege limafufuma ikakwera, n'kuphwa ikatsika. Pindani waya mobwerezabwereza, muona akuduka. Aluminiyamu nayenso amatopa, ndipo ming'alu imayambira m'mabowo a misomali ndi m'ngodya. Ndi zimene zinagwetsa ndege zonyamula anthu za ku Britain zotchedwa Comet mu 1954. Theka la kulemera kwa 787 ndi composite, makamaka ulusi wa kaboni womatidwa ndi utomoni, umene umapirira kufufumaku komanso sugwira dzimbiri. Thupilo amaliumba ngati migolo yathunthu n'kuilumikiza.

Koma kaboni ali ndi vuto limene ndimaona kuti ophunzira ambiri amalidumpha. Aluminiyamu akagundidwa amapindika, diso limaona. Kaboni amatha kuoneka bwinobwino kunja chonsecho m'kati wayepuka, ndiye amisiri amapima ndi ultrasound, makina ounikira zam'kati pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso.

Ndege ya 787 inauluka koyamba pa 15 Disembala 2009, n'kuyamba kunyamula anthu mu 2011. Mpweya wa apaulendo sautenga ku injini ngati zinzake, amaupopa ndi makina a magetsi, motero injini iliyonse ili ndi majenereta awiri. Mabatire ake a lithium-ion ndiwo anavuta: mu Januwale 2013 awiri anapsa, lina ku Boston lina ku Japan, ndipo ndege zonse za 787 zinaimitsidwa. Selo imodzi mwa zisanu ndi zitatu zimene zimapanga batirelo ikatentha inkayatsa zinzake. Anatchinga pakati pa maselo, n'kuika batire m'bokosi lachitsulo lokhala ndi paipi yotulutsira utsi kunja. Yoyamba kunyamulanso anthu inali ya Ethiopian Airlines, pa 27 Epulo 2013, kuchoka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi.