Tsiku limene anyani a ku Longleat analowa Mvano

Akazi anga akamakamba nkhaniyi amaidula mutu, amangoyambira pomwe ine ndinachita manyazi. Ndiye lero ndiikambe ndekha, kuyambira pa maphunziro anga.

Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri ku Ntcheu, ndipo kuyambira ndili ndi zaka 8, nyengo ya mondokwa ikafika, ntchito yanga inali yolonda anyani kumunda. M'mawa mbuu ndili pansanja, legeni m'khosi, miyala m'thumba, chitini choimba pambali. Nyani ndimamudziwa ine. Amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, amasiyanitsa ndodo ndi mfuti, ndipo amatuma mnzake mmodzi kuti akuvinire kutsogolo pamene ena akukolola kumbuyo kwako. Zaka 7 ndinagwira ntchito imeneyi. Digiri ya ku yunivesite ena amaimaliza m'zaka 4 zokha.

Tsono apongozi anga anatsika ndege mu November kudzaona adzukulu kuno ku Swindon, ku England. Amene munakwatira chikamwini mukudziwa mwambo wake: apongozi ukawaona akubwera, umapatuka n'kulowa m'tchire. Koma m'kanyumba kathu ka zipinda ziwiri, bafa limodzi, tchire ulipeza kuti? Ndinkangopatukira m'kabati. Iwonso mwambo anausunga ndithu. Chikwatirireni, zaka 11, sanandilankhulepo mwachindunji. Ndingakhale ndili pampando woyandikana nawo, amatembenukira mwana wawo n'kunena kuti, "Uwafunse abambo akunyumbawo ngati hitayi singawonjezereke moto."

Anabwera ndi katundu wa mayi weniweni: zitenje, chiponde, tsabola wa kambuzi, yunifomu yawo ya Mvano yosita bwino, ndi thumba la ufa woyera umene anakonola okha, kuviika okha, kuyanika okha. Ufa umenewu analamula kuti munthu asaukhudze. Unali wa nsima ya Khirisimasi. Ife tinapitiriza kudya ufa wa m'sitolo uja umene nsima yake imangokhala ngati yakwiya.

Pofika December anali atatopa ndi dziko limene dzuwa limalowa 4 koloko. Akazi anga anati tiwatulutseko, tipite ku Longleat kukaona nyali za Festival of Light, zimene amayatsa chaka ndi chaka kuyambira November mpaka kumayambiriro kwa January. Masana tione nyama, madzulo nyali, kenako tipitirire ku Bristol kwa alamu anga kukadya Khirisimasi. Matikiti nditawalipira ndinakhala kaye pansi n'kumwa madzi.

Galimoto yathu ndi yaing'ono, anthu tinalipo asanu, ndiye katundu wa apongozi ndinamuika m'bokosi la padenga limene ndinabwereka kwa mnzanga wa kuntchito. Kiyi wake anataya kalekale. Ine sindinaone vuto. Ndinatenga chubu chakale cha njinga ya mwana wanga, n'kucheka malegeni atatu, n'kumanga bokosilo. Matumba a mbatata ya kachewere amatsika kuchokera ku Tsangano pa njinga atamangidwa ndi malegeni, msewu wa mabampu okhaokha, osagwa. Nanga bokosi la pulasitiki pa msewu wa tala?

Panjira ndinasanduka mphunzitsi, poti usiku ndinali nditawerenga. Ndinafotokoza, maso ali kumsewu monga mwa ulemu, kuti Longleat ndi nyumba yaikulu yakalekale imene ili ku Wiltshire pafupi ndi tawuni ya Warminster, kuti anaimanga Sir John Thynne n'kuimaliza cha m'ma 1580, kuti Mfumukazi Elizabeth Woyamba anafikapo mu 1574 nyumbayo isanathe n'komwe, ndipo mpaka lero ndi ya banja lomwelo, mwini wake amatchedwa Marquess of Bath. Ndinapitiriza kuti nkhondo yachiwiri itatha, msonkho wa chuma chamasiye unawalemera, ndiye mu 1949 anatsegula zitseko kuti anthu azilipira n'kulowa kudzaona.

"Uwafunse," anatero apongozi, "ndiye kuti mfumuyo italephera msonkho inayamba kuonetsa anthu nyumba yake?"

"Eya, uwauze kuti n'choncho."

"Ndi kuchipinda komwe?"

Ndinalumpha funsolo n'kunena kuti mu 1966 anabweretsanso mikango, malowa n'kukhala oyamba kunja kwa Africa kumene munthu amayenda pa galimoto pakati pa zilombo.

"Uwafunse kuti mikangoyo anaigula ndi chiyani, poti ya msonkho analibe."

Apa phunziro linathera pomwepo.

Tinalowa bwinobwino. Tinaona akadyansonga, tinaona mbidzi zitaima pa msipu wa ku England zikuoneka ngati nazonso zikudikira kuti wina awonjezere hita. Kenako tinafika pa mphambano. Chikwangwani chinalembedwa momveka, munthu sanganamizire: anyani a muno amawononga galimoto, mukalowa ndi zanu, amene simukufuna nayi njira yolambalala. Mtsikana wa pachipata anayang'ana bokosi langa n'kufunsa ngati ndakhoma. Ndinati ndakhoma. M'mtima mwanga kumanga ndi kukhoma ndi pachibale.

"Aphiri, tiyeni tingolambalala," anatero akazi anga.

"Anabanda, ine ndiope nyani wa m'khola? Wodyetsedwa ndi boma? Ndathamangitsa anyani olusa a m'phiri ine, oti galu amamung'amba pakati."

Mwana wanga wamkulu analowerera kuti awa si anyani a kwathu, ndi a ku India, amawatcha rhesus macaque. Ndinamuuza kuti nyani ndi nyani, pasipoti ilibe ntchito.

Titangodutsa chipata, ndinaseka. Tinthu take tating'onoting'ono, totuwa, nkhope zofiira, kukula kwake ngati pusi wonenepa. Kamodzi kanalumphira pa boneti n'kukhala pansi, kakundiyang'ana m'maso. Kanagwira waipa, kuikoka pang'ono, kuisiya, kuikokanso. Kenako kanayamba kuvina, kudumphadumpha uku kakutembenuka. Ana kuseka, ine kuseka, ndipo ndinayamba kufotokoza za khalidwe la nyani.

Inu, munthu wa zaka 7 za pansanja! Phunziro loyamba lenileni, loti wovina kutsogolo ndi wotumidwa, ndinaliiwala.

Padenga panamveka kuti thapu! Kenako thapu! Kenako thapu! Malegeni atatu onse. Zimene sindinawerenge usiku uja n'zakuti anyaniwa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku n'kusenda mphira wa galimoto, wa m'mawindo, wa m'mawaipa. Ine ndinawabweretsera mphira wochekacheka kale, ngati munthu wopititsa ndiwo zophikaphika ku maliro.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti maphunziro anga onse amafuna munthu akhale panja. Ukuwe, ugende, uimbe chitini, uthamange. Kuno lamulo ndi lakuti usatsike, windo usatsegule. Kutsogolo galimoto zaima, kumbuyo galimoto zaima. Amene anali m'khola ndinali ine, anyani anali kumunda. Ndinaimba hutala. Wa pa boneti uja anangondiyang'ana ngati akuti ameneyu tamumvapo kale, n'kuzula waipa ya mbali ya akazi anga, n'kumapita nayo.

Choyamba kutsika pagalasi chinali chitenje. Chinatsetsereka pang'onopang'ono ngati katani ya pa sewero. Chinatsatira china. Kenako botolo la chiponde linagubuduka pa boneti, anyani atatu ali pambuyo pake. Kenako siketi yakuda. Kenako bulauzi yoyera ya Mvano, awiri akulimbirana, wina dzanja ili wina dzanja ilo.

M'galimoto munali zii. Pagalasi loonera kumbuyo ndinaona apongozi atagwira tsaya.

Ndiye kunagwa chipale chofewa. Mwana wanga wamng'ono, amene chaka chonse ankapempherera Khirisimasi yoyera ngati ya pa TV, anakuwa ndi chimwemwe kuti Mulungu wayankha. Kunja konse kunayera, pagalasi, pa boneti, pa msipu, anyani omwe anayera mbee ngati anamwali otuluka ku tsimba. Sichinali chipale ayi. Unali ufa woyera wokonola okha, woviika okha, woyanika okha, wokwera ndege kuchokera ku Chileka.

M'galimoto ya kumbuyo, banja lonse la azungu linali litatulutsa mafoni.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa. Koma nyani wina wamkulu anapisa pansi penipeni pa chikwama, kumene amayi amaika zimene dzuwa siliyenera kuona, n'kutulutsa pitikoti ya apongozi anga. Anaiyang'ana, anainunkhiza, anaona kuti siidyeka, n'kuiyala bwinobwino pagalasi, maso ndi maso ndi ine.

Abale, mkamwini amatani pamenepa? Makolo sanasiye malangizo. Ndinatsinzina.

"Aphiri, akutsogolo anyamuka, tsegulani maso!"

"Sindingathe, Anabanda."

"Mukuyendetsa galimoto inu!"

"Uwauze," anatero mawu ochokera kumbuyo, ofatsa kwambiri, "kuti asatsegule."

Ndili chitsinzinire ndinaganiza zoti waipa yotsalayo ingathandize, ndiye ndinaikhetemula. Waipa inakola pitikoti ija m'chiuno n'kuyamba kuikupiza, uku ndi uku, uku ndi uku, ngati mbendera ya pa galimoto ya nduna. Izi ndinachita kumva kwa ana, amene anali atagwa pansi pa mpando ndi phwete. Ine sindinaone kanthu, ndipo ndikufuna zilembedwe choncho.

Anatipulumutsa ndi mnyamata wolondera nyama amene anafika pa galimoto yake n'kuwabalalitsa. Anatiperekeza mpaka kunja kwa mpanda, n'kubwera ndi jumbo ya zimene anatha kutola: zitenje ziwiri, siketi, bulauzi ya dzanja limodzi. Pitikoti anaichotsa pa waipa ndi akazi anga ine nditayang'ana ku Warminster. Mnyamatayo anali waulemu kwabasi. Anangonyamula kachidutswa ka legeni, kukayang'ana, n'kufunsa ngati loko wake anali ameneyu. Za duku loyera la Mvano anapepesa, n'kuloza mumtengo. Pa nthambi ya pamwamba panakhala nyani wamkazi wamkulu, duku lili kumutu lapendekeka pang'ono, akuyang'ana anzake pansi ngati amayi apampando amene akudikira kuti phokoso lithe ayambe msonkhano.

Kumikango tinadutsa ngati tikuperekeza maliro. Ndiulule pano kuti ine, mwana wa ku Africa amene anzanga kuntchito amandifunsa ngati mikango inkafika pakhomo pathu, mkango ndinali nditangouona pa chizindikiro cha boma la Malawi, uja waima ndi kambuku. Wamoyo woyamba ndinauonera ku Wiltshire, kudzera pagalasi la ufa. Sindinathe n'kusangalala komwe.

"Uwauze mawindo akhale otseka," anatero apongozi. "Asanene kuti mikangonso analondapo."

Pali malo ena pamenepo a njira zosocheretsa, mipanda yake ya mitengo yobzala yoposa 16,000, anthu amalowa dala kuti asochere. Mwana wamng'ono anafuna kuti ndimulowetse. Amayi ake anati lero bambo ako atisocheretsa kokwanira.

Nyali zokha zinali zokongola, chilungamo chiyenera kunenedwa. Mdima utangogwa, bwalo lonse kuzungulira nyumba ija linayaka. Ndi luso la ku China: amapinda waya, kukuta ndi nsalu za mitundumitundu, n'kuika magetsi m'kati, zina zazitali kuposa nyumba yathu ya ku Swindon. Kumbuyo kwake chinyumba cha miyala chija chili ndii, mawindo osawerengeka. Apongozi anachiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa mwana wawo kuti amakolopa ndani. Ndinawagulira tiyi wa chokoleti ndi ndalama imene kwathu ukhoza kugula nkhuku. Analandira kudzera mwa mwana wawo.

Tikubwerera ku galimoto, mvula inayamba, ija ya kuno yosagwa yosaleka. Aliyense amene anaphikapo akudziwa chimene ufa woyera umachita ukakumana ndi madzi. Kuchokera ku Longleat mpaka ku Bristol ndinayendetsa galimoto yopakidwa phala, waipa imodzi ikutakasa ngati mthiko, ine khosi nditasolola kusuzumira pa kampata kamene inkasiya. Bokosi ndinalimanga ndi lamba wanga wa thalauza, ndiye pa malo omwetsera mafuta ndinatsika dzanja limodzi lili m'chiuno.

Tisanafike n'komwe, uthenga wa mawu unali utapita kale pa WhatsApp ku gulu la amayi a Mvano kumudzi. Unali wa mphindi 9. Ndinaumva wonse, poti anaujambulira kumbuyo kwanga, ndipo dzina langa silinatchulidwemo. Ndinali "katswiri uja".

Pa Khirisimasi kwa alamu tinadya nsima ya ufa wa m'sitolo. Nkhuku inalipo, mpunga unalipo, koma aliyense akatema mbamu ankayang'ana ine. Titamaliza, tikusamba m'manja, apongozi anakonza pakhosi. Akazi anga anatchera khutu kuti alandire uthenga monga mwa nthawi zonse. Koma iwo anatembenuka ndi mpando womwe, n'kundiyang'ana ine, m'maso, koyamba m'zaka 11.

"Akamwini."

Ndinatsetsereka pampando n'kugwada. "Wawa, amayi."

"Mayi uja tamusiya mumtengoyu duku wavala, ndiye kuti walowa. Chopereka cha pamwezi chikuyamba January. Muzimulipirira ndinu."