Chigoba chakale, khosi latsopano: zimene ndaphunzira pa mfuti za wildcat

Ku America kuli alenje ena amene sakhutira ndi zipolopolo za m'sitolo. Amatenga chigoba cha chipolopolo chimene chilipo kale, n'kuchifinya khosi kapena kuchikulitsa mimba, kenako n'kukonza mpope wa mfuti woti chigoba chatsopanocho chizilowamo ndendende. Chipolopolo chotere, chimene palibe fakitale imapanga, amachitcha wildcat. Ine nkhaniyi ndinaigwera kudzera m'maphunziro anga a makina osema zitsulo, titafika pa mutu wa kuyeza ndi kuboola mabowo a saizi yeniyeni. Ndinkafuna chitsanzo cha ntchito imene kuphonya pang'ono sikubisika, ndipo kuposa apa sindinapeze.

Chipolopolo chili ndi zigawo zinayi: chigoba cha mkuwa, kabatani koyatsa moto kumbuyo kwake, onga, ndi mutu umene umauluka. Wopanga wildcat amalimbana kwambiri ndi chigobacho, chifukwa ndicho chimalamula kuchuluka kwa onga ndi kukula kwa mutu.

Mbiri ya wildcat za timitu ting'onoting'ono imazungulira pa chipolopolo cha .22 Hornet. Anayamba kuiyesa m'zaka za m'ma 1920 ndi anthu ngati Townsend Whelen ku fakitale ya mfuti ya Springfield Armory, ndipo kampani ya Winchester inayamba kugulitsa zipolopolo zake mu 1930. Chigoba chake n'chowonda, chotsetsereka kuyambira kumatako mpaka kukhosi. Cha m'ma 1940 Lysle Kilbourn anaganiza zochiwongola m'mbali ndi kuchipatsa phewa lakuthwa kuti onga uzilowa wambiri, n'kutuluka K-Hornet. Njira yake ndi imene inandisangalatsa. Sasula chigoba chatsopano ayi. Amaika chipolopolo wamba cha Hornet m'chipinda cha mpope chimene chakulitsidwa kale, n'kuwomba. Mphamvu ya ongayo imakankha mkuwa mpaka kumata makoma a chipindacho, ndipo chigoba chimatuluka chitatenga maonekedwe atsopano. Mfutiyo imadziumbira yokha zigoba zake.

Dzina limene simungalizembe ndi la P.O. Ackley, amene anaphunzitsapo za mfuti pa koleji ya ku Trinidad m'boma la Colorado asanakakhazikike ku Utah. Zipolopolo zotchedwa Ackley Improved zimadziwika ndi phewa la madigiri 40. Bamboyu ankachitanso zimene ambiri aife sitingalimbe nazo mtima: ankadzaza dala onga wopyola muyeso m'mfuti zakale za asilikali mpaka zitaphulika, kuti aone yolimba ndi iti, ndipo Arisaka ya ku Japan inapirira modabwitsa. Iye yemweyo anafinya khosi la Hornet kuchoka pa mutu wa mainchi .224 kufika pa .172, kumene kuli pafupifupi mamilimita 4.4, n'kupanga .17 Ackley Hornet.

Kamutu ka .17 kamalemera magireni 20 kapena 25. Gireni imodzi ndi magalamu 0.065, ndiye tikunena za kanthu kosafika ngakhale magalamu awiri. Koma kamauluka mamita oposa 1,000 pa sekondi, kuwirikiza katatu liwiro la phokoso. Mphamvu imene kamanyamula imakwera ndi liwiro kuchulukitsa liwiro lomwelo, kotero mukawirikiza kawiri liwiro mphamvu yawirikiza kanayi. Samu imeneyi tinaiphunzira ku sekondale osadziwa kuti ili ndi ntchito.

Kumene ndakhalitsa kwenikweni ndi pa ntchito ya pa lathe, makina ozunguza chitsulo pochisema. Mpope umabwera kwa mmisiri uli kale ndi bowo ndi mizere yopota ya mkati imene imazunguza mutu; ya .17 nthawi zambiri imamaliza kuzungulira kamodzi pa mainchi 9 kapena 10 alionse. Chimene palibe ndi chipinda chogonamo chipolopolo. Chimenechi amachidula ndi reamer, chida chosemera mkati mwa bowo, yonoledwa motsatira chojambula cha mwini wildcatyo, ndipo kawirikawiri imachita kuitanitsidwa mwapadera. Mpope uyenera kuzungulira pakati penipeni pa bowo lake, osati pa kunja kwake, chifukwa ziwirizi sizikhala zogwirizana nthawi zonse. Reamer imalowa pang'onopang'ono, n'kutulutsidwa, kupukutidwa tizidutswa, kuthiridwa mafuta, n'kubwezedwanso. Mphunzitsi wathu amatikalipira tikathamangitsa reamer pa chitsulo wamba cha m'kalasi, ndipo tsopano ndikumva chifukwa chake: kachidutswa kamodzi kotsalira kamakanda khoma, ndipo m'mfuti mkuwa umalowa m'kandalo n'kukana kutuluka.

Akamaliza amayeza mpata wa pakati pa nkhope ya bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo) ndi pamene chigoba chimatsamira. Ali ndi zoyezera ziwiri zachitsulo: pa yoyamba bolt iyenera kutseka, pa yachiwiri iyenera kukana. Kusiyana kwa ziwirizi kumakhala cha m'ma mainchi 0.004 mpaka 0.006, kungopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Mpatawo ukachuluka, chigoba chimatamuka mpaka kuduka pafupi ndi matako, ndipo mpweya wamoto umabwerera kumaso kwa wowombayo. Si mpweya wamasewera. Malire a mphamvu yake m'chipolopolo china chotchedwa .22-250 ndi mapaundi 65,000 pa sikweya inchi, pamene tayala la galimoto timapopa 30 ndi pang'ono.

Malire amenewo ku America amaika ndi bungwe la SAAMI, limene linakhazikitsidwa mu 1926. Ku Ulaya ntchito yomweyo imagwiridwa ndi CIP. Wildcat ili kunja kwa mabuku awo. Nthawi zambiri palibe amene anaiyeza m'labotale, ndiye mwini wake amayamba ndi onga wochepa, kukwera pang'onopang'ono uku akuyang'ana ngati kabatani kaphwatalala kapena bolt yayamba kulimba potsegula. Akatswiri omwewo amavomereza kuti zizindikirozi nthawi zina zimaoneka malire atadutsidwa kale. M'kachigoba kochepa ngati ka Hornet vutoli limakula, popeza kuwonjezera onga pang'ono chabe ndi gawo lalikulu la wonsewo. Pamenepa ndi pamene ulemu wanga kwa anthuwa umasakanikirana ndi mantha. Kwathu kuno nkhaniyi ndi yowerenga basi: malamulo salola munthu kudzipangira mfuti popanda chilolezo, ndipo tikudziwa zala ndi maso zimene gogodela wadya.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikugwirizana nawo okonda wildcat akamati mfutizi ndi za nyama zing'onozing'ono. Zimatengera nyamayo mukuifuniranji. Liwiro lonseli analifunira tinyama towononga minda ndi msipu, monga prairie dog ndi woodchuck, timene amatiwombera patali ndipo ambiri sadya. Osaka zikopa za nkhandwe nawo amakonda .17 chifukwa imaboola kabowo kakang'ono n'kusweka mkati osatulukira mbali inayo. Koma kalulu kapena gologolo wa mumphika akalandira kamutu koteroko, ndiwo yatha pomwepo. Mlenje wofuna kudya amachita bwino ndi .22 LR ya mu 1887, ya mutu wa magireni 40 woyenda mamita 370 pa sekondi kapena kucheperapo. Komanso kamutu kopepuka mphepo imakatenga msanga liwiro likayamba kutsika, ndipo bowo la .17 limada msanga, mpaka limafuna ndodo yakeyake yotsukira.

Chodabwitsa n'chakuti wildcat ikachita bwino imasiya kukhala wildcat. Ija ya .22-250 inachokera ku chigoba cha .250 Savage m'zaka za m'ma 1930, ndipo kampani ya Remington inaitenga mu 1965. Ya .17 Mach IV inadzatuluka m'sitolo mu 2007 ndi dzina loti .17 Remington Fireball. Kampani ya Hornady inatulutsa .17 Hornet mu 2012, ya magireni 20 pa mamita pafupifupi 1,110 pa sekondi, motsatira ganizo la Ackley. Miyeso yake komabe si yofanana ndendende ndi ya Ackley uja. Munthu amene wagula mfuti yakale yolembedwa .17 Hornet pampope ayenera kuyamba wathira chitsulo chofewa chosungunula m'chipinda chake, kuchitulutsa chitauma, n'kuchiyeza ndi chida choyezera chotchedwa micrometer asanaikemo chipolopolo cha m'sitolo.