Kutsimikiza kontena ndisanaiyendetse

Kuno ku Thyolo, kumene bandulo ya intaneti imatha msanga, ndimakonda kutsitsa makontena a Docker, omwe ndi mapaketi a mapulogalamu okonzedwa kale, m'malo momanga ndekha seva iliyonse ya Model Context Protocol, njira imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024 kuti AI izitha kugwiritsa ntchito zida zakunja monga mafayilo ndi database. Kontena imabwera ndi zonse zofunika, koma muli zimene mwiniwake anaikamo ine osaona, ndipo zimenezo zimandidetsa nkhawa.

Sabata yatha, mvula ikusokosera pa malata, ndinapeza kuti image (paketi imene kontena imachokeramo) yotchedwa latest inali yosiyana ndi ya mwezi watha, ngakhale dzina silinasinthe. Kuyambira tsikulo ndimalemba digest yake ya SHA-256, nambala yaitali yowerengedwa kuchokera ku zamkati mwake, ndipo ndimaitsitsa ndi nambalayo basi, chifukwa zamkati zikasintha ngakhale pang'ono, digest nayonso imasintha. Ngati wopanga anaisainira, ndimatsimikiza siginechayo ndi pulogalamu yotchedwa cosign ya Sigstore. Poyendetsa ndimaipatsa foda imodzi yokha, yongowerenga, ndipo seva yosafuna intaneti ndimaitsekera intaneti ndi lamulo la --network none, popeza mabuku a ndalama amene ndimasungira alimi a tiyi si anga.