Ku Cooperstown tinakangana za wowakha mpira

Alamu anga akhala ku America zaka zambiri, ndipo matenda amene anatengera kumeneko ndi baseball, masewera omenya kampira ndi chibonga. Nditawachezera ku Albany, m'boma la New York, anandiuza kuti sindibwerera ku Lilongwe ndisanaponde ku Cooperstown. Ine wa mpira wamiyendo, woti ndikamva kulira kwa wezulo mtima umadumpha, ndinangovomera poopa kukhumudwitsa eni nyumba.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, ine, alamu ndi mwana wa mlongo wanga wa zaka 14. Ulendo wake ndi wa ola limodzi ndi theka, modutsa m'mapiri ang'onoang'ono ndi m'minda ya chimanga. Cooperstown yenikeniyo ndi kamudzi ka anthu osafika 2,000, m'mphepete mwa nyanja ya Otsego. Msewu waukulu ndi umodzi, ndipo pafupifupi sitolo iliyonse ikugulitsa zipewa, zibonga zomenyera mpira ndi makhadi a osewera akale. Malo oimika galimoto tinasowa, mpaka tinakaisiya kutali n'kubwerera wapansi.

Nyumba yosungira mbiri ya masewerawa, National Baseball Hall of Fame, inatsegulidwa mu 1939. Anaiyika kuno chifukwa cha nkhani yakuti Abner Doubleday ndiye anayambitsa baseball pamudzi pano mu 1839. Nkhaniyo akatswiri a mbiri anaikana kalekale, koma nyumba inali itamangidwa kale, ndipo bwalo la pafupi likutchedwabe Doubleday Field.

Mkangano unayambira m'chipinda cha zikwangwani zamkuwa, momwe aliyense wolemekezedwa ali ndi nkhope yake pakhoma. Alamu anatulutsa pepala ndi cholembera, nalemba manambala 1 mpaka 9, monga amawerengera malo a osewera m'bwalo.

"Alamu, tipange timu ya nthawi zonse. Akufa ndi amoyo omwe."

"Ine ndikudziwapo ndani?"

"Muwerenga pakhomapa. Maso muli nawo."

Malo ena sanativute. Pa 6 analemba Honus Wagner, mmodzi mwa asanu oyamba kusankhidwa mu 1936, pamodzi ndi Ty Cobb, Babe Ruth, Christy Mathewson ndi Walter Johnson. Pa 3 Lou Gehrig, amene anasewera magemu 2,130 motsatizana osajomba. Pa 8 Willie Mays, popanda wotsutsa. Pa 4 ndinaumirira Jackie Robinson, munthu wakuda amene anaswa tsankho polowa timu ya Brooklyn Dodgers mu 1947. Alamu anati pa manambala okha alipo omuposa, koma analemba.

Pa 9 panadzaza anthu. Ruth anamenya ma home run (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) 714, Hank Aaron 755. Ine mtima unagwa pa Roberto Clemente wa ku Puerto Rico, amene anafa pa ngozi ya ndege pa 31 December 1972 akupititsa thandizo kwa anthu ovutika ndi chivomezi ku Nicaragua. Alamu anaseka.

"Inu mukusankha akuluampingo, osati osewera."

Mwina ananena zoona. Ruth anapambana malowo.

Mwana uja ndiye anafunsa kuti Barry Bonds, wa ma home run 762, ali khoma liti. Palibe. Kuti munthu alowe pa chisankho cha atolankhani amafunika mavoti 75 pa 100 alionse, ndipo Bonds sanawafikire chifukwa chomuganizira kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala owonjezera mphamvu. Alamu anamulembabe pa 7, koma ndi zilembo zing'onozing'ono ngati akuopa kuti alonda aona.

Pamene zinavuta ndi pa 2, malo a wowakha mpira, uja amanjuta kumbuyo kwa womenya atavala chophimba kumaso. Alamu anali atalemba kale Johnny Bench wa Cincinnati Reds. Ine ndinali nditaima pa chikwangwani cha Josh Gibson. Nkhope yotakata, chipewa pamutu, ndipo pansi pake maina a matimu amene sindinawamvepo, Pittsburgh Crawfords ndi Homestead Grays. Awa anali matimu a maligi a anthu akuda, chifukwa nthawi imeneyo wakuda sankaloledwa mu ligi yaikulu. Gibson anamwalira mu January 1947 ali ndi zaka 35, patatsala miyezi itatu kuti Robinson alowe.

"Alamu, uyu bwanji?"

"Ameneyo ndi wamkulu, koma sanakumanepo ndi oponya a ligi yaikulu m'magemu a ligi. Timuyeza bwanji?"

"Nanga Ruth wanuyo anakumana ndi oponya akuda mu ligi yake? Satchel Paige anali kuti?"

Apa alamu anakanda mutu. Paige, woponya wakuda wotchuka, analoledwa kulowa mu ligi yaikulu mu 1948 ali ndi zaka 42, msinkhu woti anzake anapachika kale nsapato. Ndinaona kuti ndaponda pabwino, ngakhale malamulo a masewerawo sindiwadziwa bwino. Ngati tikuchotsera Gibson chifukwa sanasewere ndi azungu, tichotserenso Ruth ndi Cobb chifukwa sanasewere ndi akuda. Muyeso ukhale umodzi.

Mwana uja anali atatulutsa foni.

"Malume akunena zoona, adadi. Kuyambira 2024 manambala a maligi a akuda anaphatikizidwa ndi a ligi yaikulu. Pa avareji ya kumenya mpira, Gibson ndiye ali pamwamba tsopano, .372. Cobb .367."

Bambo wina wachikulire wovala jezi ya Reds, amene ankatimvetsera ngakhale Chichewa sankamva, atangomva dzina la Bench analowerera. Alamu anapeza mboni. Anayankhula awiriwo mphindi khumi za dzanja la Bench, momwe ankaponyera mpira kukagwira othamanga ofuna kuba malo. Ine ndinapita kukayang'ana Mariano Rivera wa ku Panama, woyamba kusankhidwa ndi mavoti onse mu 2019.

Pobwerera tinaima pa benchi moyang'ana nyanja, tikudya masangweji amene mlongo wanga anatikonzera. Pepala linali pa bondo la alamu. Pa 1, malo a woponya mpira, panali Walter Johnson, koma mwana uja anali atamufufuta n'kulembapo Shohei Ohtani wa ku Japan, ati chifukwa amaponya ndi kumenya komwe, ndipo iye wamuona ndi maso ake. Pa 2 alamu sanafufute Bench. Anangojambula kamzere, nalemba Gibson pambali pake, n'kundipatsa pepalalo kuti ndilowetse m'pasipoti.